Nkhafi M'denga la Chigafa

Munthu akandiuza kuti ku Lundazi kulibe opalasa bwato, ndimangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Amatero ndi ana a dzana, osadziwa kanthu. Masiku a Chipani chimodzi aja, pa chikondwerero cha ufulu mu Okutobala, ana asukulu akatha kuguba, akuluakulu akatha kutiumitsa padzuwa ndi zolankhula zawo, anthu onse ankathamangira ku damu la pa boma kukaonera mpikisano wa mabwato. Bwato lililonse anthu awiri. Mumapalasa kukazungulira mgolo wofiira woyandama kumapeto kwa damu, n'kubwerera. Mabwato awiri oyamba ankatumizidwa ku Kafue kukalimbana ndi akatswiri a dziko lonse.

Ine Bwezani ndinkakhala kutsogolo, mnzanga Jonah kumbuyo. Jonah anakulira kuchigwa, anayamba kuwolotsa anthu pa Luangwa ndevu zisanamere, ndipo anabwera kwathu kwa Mwase atakwatira Yunike. Ndikuuzeni zoona, wakutsogolo ndi ng'ombe chabe, ntchito yake n'kukoka. Mwini bwato ndi wakumbuyo, ndiye amawongola, ndiye amakhotetsa. Ndipo wakutsogolo sacheuka, ukacheuka bwato limapendama. Choncho Jonah sindinkamuona akupalasa, ndinkangomumva m'matako mwangamu, mmene bwato likuyendera. Ku Kafue tinafikako kawiri, ndipo kachiwiriko anatiposa ndi Alozi okha, anthu obadwira m'madzi.

Tsoka linabwera nthawi yokolola. Ngolo ya chimanga inapendama pa mlatho wa mitengo, Jonah n'kuti aigwire yekha ngati ndi dengu. Phewa lamanja linaguluka. Ku chipatala analibwezera bwinobwino n'kumuuza kuti apumule kaye, kenako azikweza mkonowo pang'onopang'ono. Koma Jonah ndi pang'onopang'ono sankadziwana. Okutobala atayandikira anati wachira.

"Sunachire iwe," ndinamuuza. "Tisiye chaka chino."

"Phewa ndi lako kodi? Khala kutsogolo uko, ng'ombe, usandiphunzitse."

Pa mgolo paja wakumbuyo amakweza nkhafi pamwamba pa mutu, n'kuizika m'madzi ndi mphamvu zake zonse kuti bwato litembenuke. Tinafika pamenepo tili patsogolo. Ndinangomva kuti khwa! Kenako mfuu, kenako madzi m'mphuno. Tinagubuduka pamaso pa a Gavanala, amayi a Chipani, ana asukulu, aliyense. Ndinamukokera kumtunda mkono uli lendelende, ndipo Yunike analowa m'madzi mpaka m'chiuno kudzatichingamira, akulira ngati pamaliro.

Kwathu kuno wodwala sagwira kanthu. Umenewo ndiwo ulemu wake, ndipo mkazi amene mwamuna wake wodwala waoneka akudzitungira madzi amanenedwa pachitsime. Yunike anamanga mkono uja pachifuwa ndi chitenje, mfundo kumbuyo kwa khosi. Ankamusambitsa, kumuveka malaya, kumumwetsa phala. Obwera kudzazonda ankayamikira kuti mkazi ndi ameneyu. Khirisimasi inadutsa chitenje chili pomwepo. Chaka chatsopano chinalowa chitenje chili pomwepo. A dokotala a pa kiliniki anati mumasuleni munthuyo, Yunike anati iyayi, anamasulidwa kamodzi, taonani zomwe zinachitika.

Tsiku lina akusintha chitenjecho ndinauona mkonowo. Mayo ine! Unali utaonda ngati mthiko, ndipo Jonah atayesa kuukweza unathera pa lamba. Anaugwira ndi dzanja linalo n'kuyang'ana kumbali. Mtima unandipweteka kwambiri, koma ndikanatani? Sumasula chomwe wamanga mkazi wa mnzako. Komanso Yunike ankandiyang'ana ngati ngolo ija ndinaigubuduza ndine.

A Solomon, mlembi wa zamasewera pa boma, anandipeza m'munda ali pa njinga yawo ya ofesi.

"Komuredi Bwezani, pezani munthu wina wa kumbuyo. Boma silingadikire phewa."

"Jonah achira, bwana."

"Ndikupatsani mpaka pa chionetsero cha zaulimi. Akakhala sanalowe m'bwato pofika pamenepo, malo ake ndipereka kwa wina."

Ndinayesako ndi msodzi wina wa pa damu kuti a Solomon asati ndine wamwano. Bwato linkangozungulira pamodzimodzi, ana ochapa m'mbali akuseka. Ndinatsika n'kulumbira kuti popanda Jonah nkhafi yanga idyedwe ndi chiswe.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, kunabwera Faides. Ameneyu ndi msuweni wa Jonah, mwana wa amalume ake, wobadwira ku Kasungu, mayi wamasiye amene anawoloka malire kudzalima fodya wa bale ku Chikomeni. Wamfupi, wamawu ngati wailesi ya mabatire atsopano. Mukudziwa za chisuweni. Msuweni akhoza kukutukwana pagulu, kukulanda chipewa, kukutchula mwamuna wake mkazi wako ali pomwepo, ndipo ukakwiya wopusa ndiwe. Tsikulo ndinalipo, ndinali nditabwera kudzazonda. Jonah anali pamphasa pakhonde, Yunike akumuuzirira phala pa supuni.

"Monire a m'nyumba!" anakuwa Faides akadali kumsewu. "Ndamva kuti mwamuna wanga wachira, ali m'chikuta. Mwanayo ali kuti ndimuone? Wamwamuna kapena wamkazi?"

"Alamu, munthu akudwala uyu," anatero Yunike.

"Akudwala pati, mkazi mnzanga? Masaya awa? Mimba iyi? Ine ndikuona nkhumba ya Khirisimasi yomwe anaiwala kupha."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Faides anazungulira kumbuyo kwa Jonah, anamasula mfundo ija, n'kudzimanga chitenjecho m'chiuno. Anati chikumukhala bwino. Kenako analowa m'nyumba osaodira n'komwe, ndipo anatuluka atanyamula nkhafi ya Jonah paphewa, ija ya mlombwa imene anamusemera malemu bambo ake, yomwe ngakhale ine sindinkaloledwa kuigwira.

Jonah anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Faides, siya imeneyo! Tenga mbuzi. Tenga wailesi."

"Mbuzi ndili nazo. Ukaifuna ukaipeza ku Chikomeni. Ndilibe wondipachikira fodya."

Anapita ndithu, nkhafi paphewa, akupatsa moni aliyense m'njira. Yunike anapsa mtima, koma akanakadandaula kwa yani? Aliyense akanangoti ndi msuweni wake, asiyeni. Jonah anapirira masiku ochepa osadya bwino, kenako anatumiza mawu kuti ndibwere ndi njinga. Ndinamukweza pa kaliyala, tinayenda tsiku lathunthu m'matope, iye akutukwana Faides, ine ndikutukwana kulemera kwake.

Chigafa cha Faides chinali chachitali, denga la udzu, m'mbali mopanda zipupa. M'kati munali mikangala, timitengo topingasa tija timene amapachikapo fodya wosoka kuti aume, ina m'chiuno, ina pachifuwa, ina pamwamba pa mutu. Nkhafi anaimangirira pansi pa mtanda wa denga ndi waya, wopota mbali zonse ziwiri. Munthu wamtali ngati Jonah akanaifikira ataima pa mtanda wapansi n'kutambasula manja onse awiri mpaka mapeto. Ndi dzanja limodzi, iwalani.

"Kwera ukamasule, tizipita," anandinong'oneza Jonah.

Faides anali ndi makutu a mleme. "Kwerani a Bwezani, palibe choletsa. Koma ine ndikalengeza pamsika wa pa boma kuti katswiri wa ku Kafue anachita kumutengera nkhafi mnzake, iye atagwira mkono ngati mkwatibwi."

Ndinayang'ana nkhafi, ndinayang'ana mkono uja, n'kupisa manja m'thumba. Jonah ananditchula mayina amene sindingawabwereze pano. Ndinakwera njinga yanga n'kumusiya komweko.

Ndinkabwerako ndikapeza mpata. Ulendo woyamba ndinamupeza pa mikangala ya m'chiuno, akupachika fodya ndi dzanja lodwalalo, thukuta lili kamukamu, mano ali gwa. Dzanja lamanzere likangoti lithandize, Faides ankalikwapula ndi phesi la fodya. Madzulo dzuwa lisanalowe ankamuthowa phewalo ndi madzi otentha, kumupaka mafuta a nsatsi, pakamwa pasakupuma.

"Taonani mwamuna amene anandisankhira makolo. Ena akukwatiwa ndi oyendetsa malole, ine anandipatsa nkhuku yothyoka phiko."

"Ukundipweteka, mfiti iwe!"

"Lira kwambiri, amve ku Luangwa."

Chimene ndinachiona pambuyo pake n'chakuti mayi ameneyu sankamuthamangitsa. Mikangala ya m'chiuno inayenera kudzaza kaye asanamulole ya pachifuwa. Ankamuperekezanso ku kiliniki kuti a dokotala aone phewalo, ndipo zimene anena a dokotala ndi zimene zinkachitika m'chigafa. Koma Jonah ndi Jonah. M'mawa wina Faides ali kumunda, anakwera pa mtanda kuti ayese mwayi. Phewa silinaguluke, Mulungu ngwabwino, koma linatupa moti anagona osatembenuka. Faides anamubwezera ku mikangala ya m'chiuno kuti ayambirenso.

"Unathamanga chaka chatha, unafika kuti? M'madzi, pamaso pa a Gavanala, matako m'mwamba."

Nkhani ya kutupayo inafika kwa Mwase, ndipo Yunike anandilamula kuti ndimuperekeze akatenge mwamuna wake. Ananyamula chitenje chatsopano chomangira. Tinamupeza Jonah akupachika fodya pa mikangala ya m'chiuno, mkono ukunjenjemera, misozi ikutsika yokha. Yunike anataya kathumba kake pansi.

"Alamu, mukufuna kundiphera mwamuna? Munalipo inu pamene ndinkamuvuula m'damu? Munamumva mmene ankalirira?"

Kanali koyamba kumuona Faides akuyankha motsitsa mawu. "Sindinalipo, mkazi mnzanga."

"Bambo, tiyeni kunyumba," Yunike anauza mwamuna wake. "Bwato silidyedwa. Ine ndikufuna inu, ngakhale ndi mkono umodzi."

Jonah anayang'ana kudenga kumene kunali nkhafi. "Ndibwera nayo, Yunike. Pita ukaone ana."

Pobwerera ndinkangomumva Yunike akufwenthera kumbuyo kwanga pa kaliyala. Sindinamuweruze ngakhale pang'ono. Mkazi ameneyu ankamukonda Jonah kuposa mmene tonsefe tinkamukondera, ndipo mantha ake anali ndi chifukwa. Kuyambira tsikulo dzina la Faides silinkatchulidwa pakhomo pake.

Nkhafi inatsika nthawi yotsitsa fodya wouma, mvula itatha. Fodya amatsitsa m'mawa kukadali chinyezi kuti masamba asafumbutuke, ndipo ndinali nditabwera kudzathandiza. Jonah anali atagwira kale pa mikangala yapamwamba kwa milungu ingapo. Tsikulo Faides anangoti, "Mwamuna wanga, chotsa chimtengo chako chija, chikunditchingira mphepo." Jonah anakwera pa mtanda. Dzanja lamanzere linafika. Lamanja linakwera, linaima pa khutu, linakweranso, mpaka zala zinagwira waya. Anapotokola mbali iyi, anapotokola mbali iyo. Ine m'munsi ndinali nditasiya kupuma. Atatsika anaikumbatira nkhafiyo n'kukhala pansi pa fumbi.

"Wachedwa," anatero Faides akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chobedwa chija, ati utsi wa fodya, chonsecho panalibe amene ankasuta. "Ndinatsala pang'ono kuisema mthiko."

Pa chionetsero cha zaulimi a Solomon anatsikira ku damu kudzationa tikupalasa. Anagwedeza mutu n'kuti malo ndi a Jonah, koma tikagubudukanso pamaso pa alendo tisadzaonekenso pafupi ndi madzi a boma. Tinayeserera miyezi yonse yachilimwe. Mphamvu zinabwerera, bwato linkathamanga ngati kale. Koma panali chinthu chimodzi chimene a Solomon sanachione, ine ndinkachimva pansi panga. Tikafika pa mgolo, Jonah sankakweza nkhafi. Ankazungulira patali, nkhafi ili m'munsi, ngati akulambalala nyumba ya apongozi. Phewa linali litachira, koma mtima unali ukadali m'chitenje.

"Ukazungulira chonchi Kafue tidzangoimva pa wailesi," ndinamuuza.

"Tsikulo ndidzakhota."

"Ukunama."

"Yang'ana kutsogolo, ng'ombe."

Tsikulo linafika, dzuwa la Okutobala lowotcha mpaka m'mafupa. Yunike anali m'gulu la amayi ovina, atavala chitenje chake chatsopano cha Chipani, koma ndinaona kuti miyendo yokha ndiyo ikuvina. Faides ndinamuona akutsika lole ya ku Chikomeni, kenako anasowa. Wapolisi anaimba wezulo, tinanyamuka.

Asodzi awiri a kuchigwa anatisiya msanga, anyamata amenewo anali moto. Ife tinkalimbana ndi bwato la ku Kapichila, ndipo poyandikira mgolo iwo anali patsogolo pathu pang'ono, koma anatsegula mpata pakati pa bwato lawo ndi mgolowo. Mpata wake unali umenewo. Tikalowa pamenepo n'kukhota mothina, malo achiwiri ndi athu. Tikazungulira kunja, basi, kwatha. Ndinamva bwato likuzengereza pansi panga, mphuno yake ikuyamba kuloza kunja. Khosi linkandiyabwa kuti ndicheuke. Sindinacheuke, ndinangoti mumtima, Ambuye, musatisiye pano.

Ndiye kunamveka mawu kuchokera m'bango, pafupi penipeni. Mayi uja anali atasiya khamu lonse n'kuzungulira damu wapansi kudzaima moyang'anana ndi mgolo, madzi ali m'mawondo.

"Mkangala wapamwamba, mwamuna wanga waulesi iwe! Wapamwamba! Kapena ndibwere ndi chitenje?"

Kumbuyo kwanga Jonah anatukwana mawu amodzi akuluakulu. Ndinamva bwato likupepuka, ndinadziwa kuti nkhafi yakwera. Ndinadikira kuti khwa. Chimene chinabwera ndi kugunda kwa nkhafi m'madzi, ndipo bwato linatembenuka pamalo pomwepo mpaka mgolo unandikhudza chigongono. A ku Kapichila anatsala akuzungulirabe.

"Koka, ng'ombe!" anakuwa Jonah. "Koka!"

Ndinakoka, abale. Ndinakoka ndikulira, mamina ali mbwee, osaona n'komwe kumene tikupita, pakuti kuona sinali ntchito yanga. Asodzi a kuchigwa sitinawapeze, anapambana ndi iwo ndipo anayenera. Ife tinalowa achiwiri. Bwato litagunda matope a kumtunda ndinacheuka, ndipo ndinamuona Jonah ataimirira, nkhafi ya bambo ake ili pamwamba pa mutu, manja onse awiri ali tambasu, ndendende munthu wopachika fodya. A Solomon ankalumpha ngati mwana akukuwa kuti Kafue, Kafue, ngati anapalasa ndi iwo.

Faides anafika mochedwa, akupuma wefuwefu, miyendo ili matope okhaokha. Anthu anamupatukira.

"Tsitsa manja, ukununkhitsa anthu kukhwapa," anatero. "Wachiwiri! Fodya wanga yense uja, wachiwiri basi?"

"Ukanakhala chete tikanakhala oyamba," anayankha Jonah. "Mawu ako anathawitsa ndi nsomba zomwe."

Ndi mmene asuweni amathokozerana, kupitirira apo sizitheka. Pamenepo Yunike anatuluka m'gulu la amayi. Sanapite kwa mwamuna wake. Analunjika kwa Faides, ndipo ndinati mumtima, kwachema, lero ziwiri izi zigwirana pamaso pa a Gavanala. Nayenso Faides anakonzeka, manja m'chiuno.

Yunike anagwada. Anagwada m'matope momwemo, ndi chitenje chatsopano chija, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira kwa apongozi.

"Yewo, alamu," anathokoza m'chinenero cha kwathu. "Yewo chomene. Ine ndinamusunga, inu mwandibwezera."

Tonse tinadikira kuti Faides aponye chipongwe chake. Anayang'ana Jonah, anayang'ana ine, ngati tingamubwereke mawu. Kenako anamasula chitenje chobedwa chija m'chiuno mwake, anagwada nayenso m'matopemo, n'kuyamba kumupukuta Yunike misozi.